Lamulo Lokha Silikwana, Tidziwenso Chifukwa Chake

Abale ndi alongo a m'makoperativa a ku Moatize ndi ku Zóbuè, pali mawu amene timawamva kawirikawiri pa maphunziro athu a ulimi. Munthu amaimika dzanja nkunena kuti, "Aphunzitsi, ife ndife akuluakulu. Ingotiuzani chochita basi. Zofotokoza zambirizo nza ana a sukulu." Ena amavomereza ndi mutu. Ife sitigwirizana nawo mawu amenewa, ndipo tikufuna kunena chifukwa chake.

Tiyambe ndi feteleza, amene ena timamutcha adubu. Lamulo lake tonse timalidziwa: feteleza asakhudzane ndi mbewu. Alangizi analinena, ndipo ife tinalilemba m'makope. Koma chaka ndi chaka m'minda mumaoneka mapando opanda kanthu. Mwina chimanga chimamera, kenaka nsonga za masamba zimawauka, chimafota, chimafa. Mwini munda amati mbewu inali yakale. Wina amati anamugulitsa feteleza wachinyengo. Wina amaloza munda wa mnzake nkuyamba za ufiti. Nthawi zina mbewu imakhaladi yoipa, sitikukana. Koma nthawi zambiri mukafukula phandolo mupeza feteleza atagona pamodzi ndi mbewu.

Kodi munthu amene anachita zimenezi ndi wopusa? Iyayi. Iye anaganiza bwino ndithu. Anati feteleza ndi chakudya cha mbewu, tsono chakudya uchiike pafupi ndi pakamwa. Maganizo akewo anali ndi chifukwa, pamene lamulo la alangizi linabwera lopanda chifukwa. Munthu akakhala yekha m'munda, khasu lili m'manja, mvula ikuopseza, amatsata chimene akuchimvetsa.

Thumba la feteleza si lotsika mtengo. M'zaka za 2021 ndi 2022 mtengo wake unakwera kwambiri pa dziko lonse, ndipo ife kuno tinaumva m'matumba mwathu. Ambiri timamutenga pa ngongole. Kuwotcha chimanga ndi feteleza wa ngongole ndi kuluza kawiri.

Tsono feteleza amawotcha bwanji, popeza alibe moto? Mukamugwira m'manja ndi wozizira.

Chamoyo chilichonse chinamangidwa ndi tizipinda tating'onoting'ono totchedwa maselo. Chimanga, mbuzi, nsomba, inu ndi ife, tonse ndife maselo ochuluka osawerengeka, monga khoma ndi njerwa zake. Maso paokha sangawaone. Munthu woyamba kuwaona ndi kuwapatsa dzina anali Mngelezi, Robert Hooke, m'chaka cha 1665. Iye anayang'ana khungwa la mtengo ndi galasi lokulitsa zinthu.

Selo lililonse lili ndi madzi m'kati, ndipo linakutidwa ndi kachikopa kopyapyala zedi. Mutasanjikiza tizikopa timeneti 10,000, tingangofanana ndi pepala limodzi la buku lino. Kachikopako kanapangidwa ndi mafuta, ndipo muli timakomo tambirimbiri. Chilichonse cholowa m'selo kapena kutulukamo chiyenera kudzera pa kachikopa kameneka.

Anzathu a ku Zóbuè savutika kumvetsa zimenezi, chifukwa chipata cha malire a Mozambique ndi Malawi chili pakhomo pawo. Pachipata sapita onse mofanana. Wina amangodutsa. Wina amaonetsa mapepala. Galimoto ya katundu imaima pamzere nkudikira. Wina amabwezedwa. Kachikopa ka selo kamachitanso chimodzimodzi. Madzi amadutsa mosavuta. Mchere ndi shuga sizidutsa pokhapokha khomo lake litatsegulidwa.

Apa ndiye pagona nkhani yonse. Pamene mbali imodzi ya kachikopa pali madzi a mchere wambiri, ndipo mbali inayo pali madzi a mchere wochepa, mcherewo sungathe kuwoloka kuti mbali ziwirizo zifanane. Amene amawoloka ndi madzi. Amachoka kumene mchere wachepa kupita kumene mchere wachuluka. Tinene mwachidule kuti madzi amalondola mchere. Amalondolanso shuga, ndi china chilichonse chimene chasungunuka mochuluka. Ophunzira amatcha zimenezi osmose pa Chipwitikizi. Dzinalo mukaliiwala palibe mlandu.

Amayi, inu mumaziona tsiku ndi tsiku. Mukadula tomato nkuwaza mchere, posachedwa mbale ili ndi madzi. Simunathiremo madzi. Atuluka m'maselo a tomato kulondola mchere. Nsomba za chikowa zochokera ku Cahora Bassa zimakhala miyezi osaola. Mchere unakoka madzi m'nsombamo, ndipo tizilombo toolesa tikafikapo, mchere womwewo umakoka madzi m'matupi mwawo, nkulephera kuswana. Ndipo pamalo pamene anthu amakodza masiku onse, kuseri kwa nyumba ya mowa, udzu umapsa. Mkodzo pang'ono ndi chakudya cha udzu, koma ukachuluka pamalo amodzi umaumitsa mizu.

Feteleza wa m'thumba ali m'gulu la mchere. Si mchere wa m'ndiwo, koma amasungunuka ngati mchere ndipo amakoka madzi ngati mchere. Pa mizu ya chimanga pali tiubweya tosalimba timene timamwa madzi. Masiku onse m'kati mwa tiubweyato mumakhala zosungunuka zambiri kuposa m'madzi a m'dothi, motero madzi amalowa okha m'muzu. Koma mukaika feteleza pa muzu penipeni, iye amasungunuka m'chinyezi chochepa chimene chili pamenepo. Madzi a kunja amasanduka okali kuposa a m'kati. Ulendo wa madzi umatembenuka. M'malo moti muzu umwe, dothi ndi limene limamwa muzu. Chimanga chimafa ndi ludzu chili m'dothi lonyowa, monga tomato m'mbale muja.

Yureya ali ndi vuto lina loonjezera. Akayamba kusungunuka m'dothi amatulutsa mpweya woswa mphuno wotchedwa amoniya. Mpweya umenewu umapha kamuzu kongotuluka kumene m'mbewu. Ndipo yureya akasiyidwa pamwamba pa dothi osakwirira, gawo lina la mphamvu yake limauluka ndi mpweya womwewo.

Munthu amene wamva zimenezi safunanso kuloweza malamulo ambiri. Akhoza kuwapeza yekha. Kodi ndithire feteleza dothi lili louma? Iyayi, chifukwa madzi akachepa feteleza amakhala wokali. Kodi mlingo wa kumalo a mvula yambiri ungagwire ntchito mofanana kumalo ouma? Ayenera kusamala. Ku Zóbuè kumapiri mvula imagwa yochulukirapo ndipo kumazizira. Kumunsi ku Moatize dzuwa limaswa mtengo, dothi la mchenga limauma msanga, ndipo feteleza yemweyo amawotcha mosavuta. M'nyengo ya 2023 mpaka 2024 mvula inadula pakati pa dzinja m'chigawo chathu cha Tete ndi m'maiko oyandikana nafe. M'chaka chotero munthu wongowerenga masiku amati, "Masabata atatu akwana, ndithire wobereketsa." Munthu wodziwa chifukwa amayamba wafukula dothi ndi chala. Likakhala louma amadikira mvula.

Wina anganene kuti, "Chabwino, ndiye ndimuika kutali zedi, pakati pa mizere." Apanso walakwitsa, ndipo chifukwa chake chiliponso. Pathumba la feteleza wokulitsa pamalembedwa manambala atatu, monga 12-24-12. Tanthauzo lake ndi lakuti pa makilogalamu 100 pali 12 a nayitrojeni, 24 a fosifeti ndi 12 a potashi. Fosifeti ndi waulesi. Akalowa m'dothi amagwidwa ndi dothilo, ndipo sayenda ngakhale kutalika kwa chala chimodzi. Muzu ndi umene uyenera kumupeza. Mukamuika kutali kapena pamwamba, chimanga chaching'ono sichimupeza pa nthawi imene chikumufuna. Nchifukwa chake timakumba kadzenje pambali pa phando, kutalika kwa zala zinayi zogundana, masentimita 5 mpaka 10, nkukwirira. Pamenepo sawotcha, koma muzu ukamakula umamufika.

Nayitrojeni ndi wosiyana. Iye ndi woyendayenda. Amapita kulikonse kumene madzi apita, ndipo mvula ikachuluka amatsika pansi kupitirira mizu. Yureya ali ndi nayitrojeni wambiri, makilogalamu 23 m'thumba la makilogalamu 50. Kumuthira yense pobzala ndi kupatsa mtsinje. Timadikira chimanga chikhale ndi mizu yokwanira kumugwira.

Manyowa owola bwino sawotcha, chifukwa amatulutsa chakudya pang'onopang'ono, ndiponso amathandiza dothi kusunga chinyezi. Koma zitosi za nkhuku zaziwisi zimawotcha ngati feteleza. Muzisiye ziwole kaye.

Pali chinthu chinanso chimene chimadabwitsa anthu. Chimanga cha palowe, pamene madzi aima, chimachita chikasu ngakhale munathira feteleza. Madzi amalowa okha m'muzu, monga Revúbuè amatsikira yekha ku Zambezi popanda womukankha. Koma chakudya sichitero nthawi zonse. M'muzu muli kale chakudya chambiri kuposa m'madzi a m'dothi, tsono kuti china chilowe chiyenera kukankhidwa, monga munthu akukankha njinga ya katundu kukwera chitunda cha ku Zóbuè. Kukankha kumafuna mphamvu. Muzu umapeza mphamvuyo popuma mpweya umene uli m'timipata ta dothi. Madzi akaima amatseka timipatato. Muzu umabanika, timakomo timaleka kukankha, ndipo feteleza amakokoloka kapena kuwonongeka m'matopemo. Mankhwala a munda wotero ndi ngalande ndi mizere yokwera. Kuonjezera thumba lina nkutaya ndalama.

Tsopano tichoke kumunda tilowe m'nyumba. Kumeneku ndiye kumene kusadziwa chifukwa kumapweteka koposa.

Mwana akatsegula m'mimba, chimene chimamupha kawirikawiri ndi kutha kwa madzi m'thupi. Maso amalowa. Pakamwa pamauma. Mukatsina khungu la pamimba silibwerera msanga. Kwa khanda liwombo limalowa. Ambiri tinakula tikumva kuti liwombo ndi nthenda payokha, yofuna mankhwala opaka pamutu. Tikupempha agogo athu atimvere mofatsa. Liwombo limalowa chifukwa madzi achepa m'thupi lonse, monga tsamba la dzungu limagwa masana. Madzi akabwerera, liwombo limadzuka. Nthawi imene tikufunafuna chopaka, mwana akupitirira kuuma.

Matumbo athu ali ngati muzu. M'kati mwake muli maselo amene ntchito yawo ndi kumwa. Matenda a kolera amasokoneza timakomo ta maselo amenewa, nkuyamba kutulutsa mchere wa m'thupi kuuponya m'matumbo. Madzi amalondola mcherewo. Munthu wamkulu akhoza kutaya lita imodzi pa ola limodzi, ndipo wadzuka bwino m'mawa akhoza kufa usiku. Ife kuno si nkhani yongomva. M'chaka cha 2015 kolera anavuta mumzinda wa Tete ndi ku Moatize. M'zaka za 2022 ndi 2023 anavutanso ku Mozambique, ndipo ku Malawi, kungowoloka chipata cha Zóbuè, anapha anthu oposa 1,700.

Koma m'matumbo muli khomo limodzi limene kolera salitseka. Khomo limeneli ndi lodabwitsa. Silola mchere kulowa wokha, ndipo silola shuga kulowa yekha. Zikabwera pamodzi limatseguka, zonse ziwiri zimalowa m'thupi, ndipo madzi amalondola pambuyo. Wasayansi wa ku America, Robert Crane, ndiye anafotokoza za khomo limeneli m'chaka cha 1960. Panthawiyo zinkaoneka ngati nzeru za m'mabuku chabe, zopanda ntchito kwa munthu wa kumudzi.

M'chaka cha 1971 kunali nkhondo ku Bangladesh, ndipo anthu ambiri anathawira ku India. Mumsasa wa othawa nkhondo ku Bangaon munabuka kolera. Madzi a m'mabotolo opatsa odwala pamtsempha anatha. Dokotala wina wa ku India, Dilip Mahalanabis, anasakaniza madzi, mchere ndi shuga m'migolo, nkuuza abale a odwala kuti aziwamwetsa ndi makapu. Poyamba pa odwala 100 ankafa pafupifupi 30. Atayamba kumwetsa madziwo ankafa osakwana 4. Amene anagwira ntchitoyo anali amayi ndi abambo wamba ngati ife.

Madzi amenewa ndi omwe timalandira kuchipatala m'mapaketi olembedwa SRO, amene ku Malawi amati ORS. Paketi ikakhalapo gwiritsani paketi, ndipo werengani mlingo wa madzi umene walembedwapo. Mapaketi ambiri ndi a lita imodzi. Paketi ikasowa ndipo chipatala chili kutali, tengani lita imodzi ya madzi owiritsa ndi kuzizira, masupuni aang'ono a tiyi 6 a shuga, ndi theka la supuni yomweyo ya mchere. Supuni ikhale yosalaza, yopanda phiri pamwamba. Lawani. Mchere wake usapose wa misozi. Mwetsani pang'onopang'ono, osaleka, ndipo muzimwetsa muli pa ulendo wa kuchipatala. Woyamwa apitirize kuyamwa. Otsala a dzulo tayani, konzani ena.

Limeneli ndi lamulo, ndipo likhoza kulembedwa pa khoma. Koma taonani zimene chikondi chimachita ndi lamulo lopanda chifukwa. Mayi akuona mwana wake akufooka. Akuti, "Mankhwalawa achepa mphamvu." Amathira paketi yonse m'kapu imodzi. Kapena amaonjeza mchere. Kapena bambo amathamangira ku golosale kukagula chakumwa cha m'botolo chotsekemera kwambiri kuti mwana apeze mphamvu. Onsewa achita zimene anachita mlimi uja ndi feteleza. Madzi a m'matumbo asanduka okali kuposa a m'thupi, ndipo ayamba kukoka madzi m'thupi la mwana. Kutsegula kumaonjezeka. Mchere wochuluka ukhoza kumukomola mwana, ngakhale kumupha.

Madokotala enieniwo anaphunzira zomwezi. M'chaka cha 2002 mabungwe a WHO ndi UNICEF anasintha kasakanizidwe ka m'paketi. Sanaonjeze ayi. Anachepetsa mchere ndi shuga, chifukwa anaona kuti madzi osakalipa ndi amene amalowa bwino m'thupi la mwana.

Palinso mayi wina amene amaleka kumwetsa mwana, poganiza kuti chimene chikulowa ndi chimene chikutuluka. Kuona ndi maso zimaoneka choncho. Koma madzi otulukawo akuchokera m'thupi la mwana, ndipo adzatuluka ngakhale musamupatse kanthu. Mayi amene wamva za khomo lija sachita mantha mwana akatsegulanso atamwa. Amadziwa kuti gawo lina lalowa.

Tisaiwale khungu lathu. Tinanena kuti kachikopa ka selo ndi ka mafuta. Tsono zinthu zosungunuka m'mafuta sizifuna khomo. Zimangolowa. Mankhwala ambiri opopera m'munda ndi otero. Chiyambire 2017, pamene mbozi za ntchemberezandonda zinafika m'minda ya chimanga kuno, anthu ambiri akupopera. Timawaona akusakaniza ndi dzanja, mgolo ukudonthera pamsana, malaya anyowa. Amati, "Sindinamwe." Zoona sanamwe, koma khungu lamwa. Chikonga cha fodya chimalowanso chimodzimodzi. Munthu wothyola fodya wonyowa ndi mame amachita chizungulire ndi nseru ngakhale sasuta. Mwana thupi lake ndi laling'ono, tsono chimamugwira msanga. Fodya wonyowa si wotuma ana. Ndipo amene wapopera asambe ndi sopo, asinthe zovala, asanagwire nsima kapena kunyamula mwana.

Tsono tibwerere kwa anzathu amene amati tingowauza chochita. Mawu awo ali ndi mbali ina yoona, ndipo tisaipeputse.

Amati makolo athu ankalima, kuyanika nsomba ndi kulera ana popanda kumva za maselo. Nzoona. Nzeru zawo zinali zoyesedwa. Mibadwo yambiri inayesa mchere pa nsomba mpaka mlingo unadziwika, ndipo mwana ankaphunzira poona manja a amake. Koma yureya agogo athu sanamuone. Mankhwala a mbozi sanawaone. Paketi ya SRO sanaione. Zinthu zimenezi zinabwera m'matumba ndi m'mabotolo, zolembedwa m'zilankhulo za eni ake. Nthawi zina zimafika kwa ife zopanda ngakhale chizindikiro, zoyezedwa pambale kumsika kapena zothiridwa m'kabotolo ka chakumwa. Tilibe mibadwo khumi yoti tiziyese. Tikalakwitsa chaka chino, njala ndi ya chaka chino.

Amatinso nthawi ndi yochepa. Munthu wachoka kumunda, watopa, wabwera kudzaphunzira kulemba dzina lake ndi kuwerenga sikelo kuti asamuberenso pogulitsa. Nzoonanso. Koma werengani malamulo amene tawatchula m'phunziro lino: la feteleza ndi mbewu, la dothi louma, la zitosi, la paketi, la chakumwa chotsekemera, la liwombo. Kuloweza lililonse palokha ndi ntchito yaikulu, ndipo mawa kudzabwera chinthu chatsopano chimene lamulo lake sitinalilembe. Onsewo atuluka m'chiganizo chimodzi chakuti madzi amalondola mchere. Chiganizo chimenechi agogo a zaka 70 akhoza kuchigwira madzulo amodzi.

Pali mawu ena amene sanenedwa poyera, koma timawamva. Ena mwa ophunzira amene amabwera kudzatilangiza amaganiza kuti mlimi wosapita kusukulu sangamve chifukwa. Amaima pamthunzi, amawerenga malamulo, amakwera njinga yamoto nkumapita. Chimanga chikapsa amati alimi a kuno samva. Ife tikuti amene sanafotokoze ali ndi gawo lake pa mlanduwo. Si alangizi onse otero. Alipo amene amagwada m'munda nkufukula phando pamodzi ndi mwini wake, ndipo amenewo mawu awo amatsala m'mudzi iwo atapita. Koma ifenso tili ndi gawo lathu. Ulemu wathu umatipweteka nthawi zina. Timavomera "inde, inde" pamaso pa mlendo, chonsecho mumtima sitinakhutire, ndipo mawa timachita zathu. Kufunsa kuti "chifukwa chiyani, alangizi?" si mwano.

Ndipo musakhulupirire ife chabe chifukwa zalembedwa m'buku. Zimenezi zikhoza kuyesedwa, ndipo mtengo wake ndi mbatatesi zitatu.

Pa msonkhano ukubwerawu wina abweretse mbatatesi zitatu zazikulu, ziwiri zaziwisi ndi imodzi yophika. Zisendeni. Dulani pansi kuti iliyonse ikhale chilili. Kumbani kadzenje pamwamba pa iliyonse, koma osaboola. Ziikeni m'mbale muli madzi pang'ono, osafika pa kadzenje. M'kadzenje ka yaiwisi yoyamba thirani supuni ya shuga. Yaiwisi yachiwiri isiyeni yopanda kanthu. M'kadzenje ka yophika thiraninso shuga. Pitirizani phunziro la kuwerenga. Pakatha maola awiri kapena atatu kaoneni.

M'mbatatesi yoyamba mudzapeza madzi atadikha m'kadzenje. Akwera kuchokera m'mbale, kudutsa selo ndi selo, kulondola shuga. Yachiwiri idzakhala youma, chifukwa mulibe chowaitana. Yophika sidzatunga madzi ngati yoyamba ija, ngakhale shuga alimo, chifukwa moto unapha tizikopa, ndipo chipata chophwanyika sichisankha wodutsa. Amene akufuna athire feteleza m'malo mwa shuga, aone ngati sizichitika chimodzimodzi. Mbatatesi imeneyo isadyedwe, ndipo ana asaitole.

Mvula ikagwa tiyesenso m'munda wa koperativa. Patulani mizere itatu yaifupi pamalo amodzi, mapando 20 pa mzere uliwonse, mbewu ya m'thumba limodzi. Pa mzere woyamba ikani feteleza m'phando pamodzi ndi mbewu. Pa wachiwiri muikeni pambali, zala zinayi, nkukwirira. Pa wachitatu musathire. Mlingo ukhale umodzi pa mizere iwiri yoyambayo, apo ayi sitidzadziwa chimene chasiyanitsa. Mvula ikachuluka kwambiri masiku oyambawo, feteleza adzasukuluka, ndipo mzere woyamba ukhoza kupulumuka. Zikatero lembani kuti mvula inagwa masiku angati, chifukwa limenelonso ndi yankho.

Wolemba asakhale mlembi wa koperativa. Akhale mmodzi mwa amene aphunzira kulemba chaka chino. Alembe tsiku lobzala, tsiku lililonse la mvula, ndi nambala ya mapando amene amera pa mzere uliwonse pakatha masiku 10. Alembenso pakatha masiku 21. Koperativa ya ku Zóbuè ndi ya kumunsi ku Moatize zidzasinthane makope pa msonkhano wa m'boma, ndipo alangizi akadzabwera adzapeze kope lili patebulo, ndi mafunso athu atalembedwa kale kumapeto kwake.